Kutsata mapazi a Thore Fries, kuchokera ku Uppsala mpaka ku Lund

Lolemba, Uppsala

Ndafika ku Uppsala, m'dziko la Sweden, masana pa sitima yochokera ku bwalo la ndege la Arlanda, ulendo wa mphindi 20 basi. Alamu anga, amene akhala kuno zaka zambiri, anadzandichingamira pa siteshoni, ndipo tisanafike n'kunyumba komwe funso linali litatuluka kale. "Koma alamu, zoona ndalama zonsezi mwawonongera mzungu amene anamwalira bambo athu asanabadwe?" Ndinawayankha kuti eya, ndipo mzunguyo ntchito yake inali kuwerenga udzu. Anaseka mpaka kutsokomola.

Mzunguyo ndi Thore Fries, katswiri wa zomera wa ku Sweden. Ife ogwira ntchito ya zomera timakumana naye kawirikawiri osamuzindikira. Dzina la Chilatini la chomera chilichonse limatsatana ndi zilembo za amene anachitcha, ndipo pa Mulanje pali kachitsamba ka timasamba ting'onoting'ono, kokonda m'mbali mwa timitsinje, kotchedwa Cliffortia nitidula. Pa zilembo zotsatira dzinali pali R.E.Fr. ndi T.C.E.Fr. Amenewo ndi anthu awiri a mimba imodzi, Robert ndi mng'ono wake Thore. Wamng'onoyo ndi amene ndadzera, chifukwa iyeyo sankakhutira ndi kudziwa dzina la chomera. Ankafuna kudziwa chifukwa chimene chomeracho chamerera pano, osati tsidya lilo.

Panopa ndi cha m'ma 10 koloko usiku, pakati pa Juni, koma panja pakuwala moti ana akuseweretsabe njinga. Alamu akuti ndisadandaule, kumpoto kumene ndikupitako n'koposa apa.

Lachiwiri, Uppsala

Tinayambira ku tchalitchi chachikulu, chimene nsanja zake zimaoneka uli paliponse m'tawuni muno. Pansi pake, pafupi ndi khomo, pali mwala wa manda a Linnaeus, amene anakhazikitsa katchulidwe ka zomera ka mayina awiri kamene timagwiritsabe ntchito. Anthu amaupondaponda osauona. Kuchoka apo tinakwera kamtunda kupita ku manda akale a mzindawu. Alamu ankafuna kundionetsa manda a Dag Hammarskjöld, mkulu wa United Nations amene anafa pa ngozi ya ndege ku Ndola mu 1961. Ine ndimafunafuna a Elias Fries, agogo ake a Thore, amene ali m'manda omwewo.

Banja limeneli linali la zomera lokhalokha. Elias Fries, amene anabadwa mu 1794 n'kumwalira mu 1878, ndiye anasanja mitundu ya bowa m'magulu, ndipo aliyense wophunzira za bowa mpaka lero amayambira pa iyeyo. Mwana wake Theodor Magnus Fries anatsata ndere za pamiyala ndi pamitengo, anafika mpaka ku Spitsbergen ndi ku Greenland, anakhala pulofesa ndiponso mkulu wa yunivesite ya Uppsala, n'kulembanso mbiri ya Linnaeus. Thore anabadwa mu 1886, bambo ake ali ndi zaka 54. Ena anganene kuti mwana wa m'nyumba yotere njira inali yolambulidwa kale, ndipo sakunama. Pakhomo panali mabuku, anzawo a bambo anali mapulofesa, dzina lokha linkatsegula zitseko. Koma pa bowa panali agogo, pa ndere panali bambo, ndipo mkulu wake, womuposa ndi zaka 10, anali atapita kale ku South America. Thore anayenera kupeza pake.

Anapapeza kwa Rutger Sernander, pulofesa amene kuyambira mu 1908 anasonkhanitsa achinyamata ofuna kuphunzira zomera zili pamalo pake, osati zili zouma pa pepala pokha. Ankaika chimango cha makona anayi pansi, n'kulemba chilichonse chomera m'katimo, kenaka n'kusuntha chimangocho n'kuyambiranso. Akachita zimenezi kambirimbiri ankaona kuti pali zomera zimene sizisiyana, zimapezeka limodzi nthawi zonse. Mu 1920 Thore ndi anzake atatu, Du Rietz, Osvald ndi Tengwall, anatulutsa kabuku ka m'Chijeremani konena kuti magulu a zomera ali ndi malamulo ake. Akatswiri a ku Switzerland ndi ku France anatsutsana nawo kwa zaka. Ineyo ndimaona kuti anyamatawo anapupuluma kutchula malamulo, chifukwa tchire silimvera lamulo chotero. Koma chimango chija chinakhalitsa, ndipo nafenso timachinyamula popita kuthengo.

Madzulo tinayenda m'munda wa zomera wa yunivesite, kuseri kwa nyumba yachifumu. Alamu anatopa, anakhala pa benchi n'kumaimbira foni kumudzi.

Lachitatu, Stockholm

Lero linali tsiku la Robert. Munda wa Bergianska uli kumpoto kwa mzinda, m'mbali mwa madzi a Brunnsviken, ndipo Robert Fries anauyang'anira kuyambira 1915 mpaka 1944. Muli nyumba yagalasi yozungulira ya mu 1900 imene amasungiramo kakombo wamkulu wa ku Amazon. Nditalowamo magalasi anga anachita nthunzi, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni ndinavula juzi.

Robert ndiye anayamba kufika kwathu ku Africa. Mu 1911 ndi 1912 anayenda ndi Eric von Rosen kuchokera ku Victoria Falls, kudutsa ku nyanja ya Bangweulu ku Zambia, kukwera mpaka ku Tanganyika ndi ku Kivu, n'kukatulukira ku mtsinje wa Nile. Moyo wake wonse anauthera pa banja la zomera la Annonaceae, limene muli mpoza wathu uja. Anakhala ndi moyo mpaka 1966.

Chimene chinagwirizanitsa awiriwa ndi ulendo wa mu 1921 ndi 1922 wa ku Kenya, pa phiri la Kenya ndi mapiri a Aberdare. Thore anapita kumeneko atazolowera kale mapiri ozizira a kwawo, ndiye anadziwa choyang'ana: pamene nkhalango yathera, pamene nsungwi zayambira, pamene zalekera. Pamwamba penipeni anapeza zomera zimene anazitcha mayina monga Senecio keniodendron ndi Lobelia keniensis. Choyambacho chimatalika kuposa munthu, masamba ake ounjikana kunsonga, ndipo masamba akale akauma sagwa, amakutira thunthu kuti lisaume ndi chisanu. Usiku masamba amoyo amafunyirira m'kati kuteteza mphukira, dzuwa likatuluka n'kutambasukanso. Buku lalikulu la ulendowu linatuluka mu 1948, lili ndi mayina a onse awiri, ngakhale kuti Thore anali atamwalira zaka 18 m'mbuyomo.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandiwawa ndikamawerenga maulendo amenewa. Mapepala oumitsira zomera, matabwa opanira, matenti ndi ufa sizinkadzikweza zokha pa phiri la Kenya. Panali amtengatenga, panalinso odziwa njira amene ankaloza kuti chakuti chimamera kuseri uko. Zilembo zotsatira mayina a zomerazo ndi za abale awiri okha.

Sitima yakumpoto inyamuka madzulo ano. Alamu andipatsa nkhuku yokazinga m'kontena, akuti za m'sitima n'zodula.

Lachinayi, m'sitima ndi ku Abisko

Sindinagone bwino. Bedi langa linali lapamwamba, katani inali yoperewera, ndipo kuwala kunkalowa usiku wonse. Pawindo panali paini, paini, nyanja, paini. M'mawa titadutsa Boden mitengo inayamba kufupika. Ku Kiruna tinaona mulu waukulu wa mgodi wa chitsulo, umene wafukula pansi mpaka akusamutsa pakati pa tawuni. Njanji imeneyi anaimangira chitsulocho, kuti chizipita ku doko la Narvik ku Norway, ndipo inatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Popanda mgodi, akatswiri a zomera sakanafika kuno mosavuta chotere.

Abisko ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 200 kumpoto kwa Arctic Circle (mzere wa pamapu umene ukaupitirira dzuwa sililowa pakati pa chilimwe), m'mbali mwa nyanja ya Torneträsk. Ili ndi dziko la Asami, oweta mphalapala za kuno, amene anali pano kalekale njanji isanabwere. Malo a kafukufuku oyamba anamangidwa ku Katterjåkk mu 1903, anapsa mu 1910, ndipo anamanganso pano pa Abisko. Kuyambira 1913 akhala akulemba za nyengo tsiku ndi tsiku. Mapiri a kumadzulo amatchinga mitambo yochokera kunyanja, moti pano pamagwa mvula ndi chipale chofewa zokwana mamilimita 300 okha pa chaka.

M'chaka chomwecho cha 1913, chimenenso bambo ake anamwalira, Thore anatulutsa buku la digiri yake ya udokotala lofotokoza zomera za kumpoto kwenikweni kwa Sweden. M'bukumo muli funso limene lavutitsa anthu mpaka lero. Pali zomera za m'mapiri zimene zimapezeka kuno kumpoto, n'kupezekanso kum'mwera kwa Norway, ku Dovre ndi ku Jotunheimen, koma pakati pa madera awiriwa mulibe, ngakhale mapiri alimo. Zinadumpha bwanji? Thore anali m'gulu la amene ankati zomerazi sizinafe pamene madzi oundana anakuta dera lonseli. Zinabisala m'malo ochepa amene sanakutidwe, m'mphepete mwa nyanja ya Norway, ndipo ayezi atasungunuka zaka pafupifupi 10,000 zapitazo zinafalikira pang'ono chabe kuchokera pobisalapo. Ena anati ayi, zinabwera pambuyo pake, ndipo zimangosankha miyala ya laimu. Kafukufuku wa DNA wa masiku ano wakomera kwambiri a mbali yachiwiriyi, koma amene anasanja mapu n'kuonetsa kuti pali mpata wofunika kuufotokoza ndi Thore.

Chimodzi mwa zomerazo ndachiona madzulo ano, pa kamtunda ka miyala kufupi ndi mtsinje: Rhododendron lapponicum. Sichifika n'pabondo pomwe. Maluwa ake ofiirira ambiri anali atafota kale, ndinapeza atatu anayi okha amoyo. Ndinafikisa tsamba ndi zala, linanunkhira utomoni.

Lachisanu, Nuolja

Miyendo ikuphwanya, koma ndilembe ndisanaiwale.

Thore anakhala mkulu wa malo a kafukufukuwa mu 1917, ndipo anachita chinthu chimene munthu wofuna kutchuka sangachite. Anakhoma zikhomo 79 pamzere umodzi, kuchokera m'nkhalango ya kumunsi mpaka pansonga ya phiri la Nuolja, mtunda wa makilomita 3.4. Kenaka kwa zaka zitatu, 1917 mpaka 1919, ankakwera mzerewo pakangopita masiku ochepa, n'kumalemba pakati pa chikhomo ndi chinzake: chipale chasungunuka liti, chomera chakuti chaphuka liti, chachita maluwa liti, chabereka liti, masamba afiira liti. Kutsika, kupuma, kukweranso. Zotsatira zake anazisindikiza mu 1925.

Ndinakwera ndi mtsikana wina wa ku yunivesite amene amagwira ntchito yomweyo miyezi ino. Ndi wamng'ono woti n'kukhala mwana wanga, koma ankanditchula dzina langa loyamba popanda a, monga amachitira onse kuno, ndipo ankayenda patsogolo ine ndikupuma wefuwefu. Kumunsi tinadutsa m'mitengo ya björk, yoyera makungwa, yopindikapindika, masamba ake adakali anthete. Pansi pake panali pofewa, nsapato zinkamira. Titafika pa mamita pafupifupi 650 mitengo inangotha. Ku Mulanje munthu umakwera kupitirira mamita 2,000 ukuonabe mikungudza m'zigwembe, ndipo Sapitwa ndi mamita 3,002. Nuolja yonse ndi mamita 1,169, koma theka lake lilibe mtengo.

Pamwamba pa mitengo m'pamene ndinamvetsa chimene Thore ankafuna. Pa chikhomo china tinagwada. Kudzanja lamanja kunali kachitunda kamene mphepo imasesa chipale nyengo yonse yozizira, ndipo apo panali timaluwa toyera ta Diapensia, tothinana pansi, tolimba ukatigwira. Mapazi asanu okha kumanzere kunali kadzenje kodzaza chipale chakuda ndi fumbi, madzi akudontha m'mphepete mwake. Pamene chipalecho chinali chitangochoka, dothi linali lonyowa, lopanda kanthu, kupatula timasamba tiwiritiwiri tobiriwira, tochepa kuposa chikhadabo. Mtsikanayo anati umenewo ndi msondodzi, Salix herbacea, thunthu lake lonse lili pansi pa dothi. Malo awiri oyandikana chotero, koma kwina chilimwe chinayamba masabata angapo apitawo, kwina chikuyamba lero. Chimene chimalamula pano si kutalika kwa phiri kokha, koma tsiku limene chipale chachoka.

Iye anatulutsa foni, n'kulemba nambala ya chikhomo, dzina la chomera ndi msinkhu umene chafika. Ndinamufunsa ngati sizimutopetsa. Anati zimatopetsa kwambiri, makamaka udzudzu ukayamba.

Mzerewu anautsitsimutsa mu 2017, patatha zaka 100, ndi akatswiri a yunivesite ya Umeå ndi anzawo. Anayerekeza mitundu 83 ya zomera, za nthawi ya Thore ndi za 2017 ndi 2018, ndipo anapeza kuti 69 pa 100 iliyonse inakwera phiri, pafupifupi mamita 6 pa zaka 10 zilizonse. Zomera za m'nkhalango zikulanda malo a zomera za pamwamba, ndipo za pansonga zilibe kwina kokwera. Kuti dziko likutentha aliyense amanena. Koma kuti unene kuti chomera ichi chasuntha mamita akuti, pamafunika munthu amene analemba pamene chinali, pa tsiku lodziwika, pamalo amene wina angawapezenso. Thore sankadziwa kuti adzamufunira zimenezi. Iye ankangofuna kumvetsa chipale.

Potsika ndinkaganiza za mapiri athu. Tili ndi zomera zouma zambiri zolembedwa kuti Mlanje kapena Zomba Plateau, chaka chakuti, basi. Phiri lonselo, pati? Akulu a kumudzi amatiuza kuti kale masuku ankapsa nthawi yakuti, bowa ankamera pakuti, ndipo ndimawakhulupirira, koma palibe chikhomo chimene tingabwererepo. Zikhomo si zodula. Chosowa ndi munthu woti azikwera mzere womwewo osatopa, ndi ofesi yoti izimulipira ngakhale kuti phindu lake adzaliona adzukulu.

Loweruka, Stordalen

Tsiku lopepuka. Tinapita pa galimoto ku dambo la Stordalen, makilomita 10 kum'mawa. M'damboli muli zitunda zimene m'kati mwake dothi limakhala loundana chaka chonse, zotchedwa palsa. Thore analemba za zitunda zoterezi ndi mnzake Bergström mu 1910. Tinayenda pa matabwa oyala pamwamba pa matope. Zitunda zina zang'ambika m'mbali, zikugwera m'maiwe akuda, chifukwa ayezi wa m'kati akusungunuka. Paliponse pali mapaipi ndi mabokosi oyezera mpweya wotuluka m'matopemo.

Usiku ndinadzuka cha m'ma 12 koloko kukaona dzuwa lili pamwamba pa nyanja. Ndinawatumizira alamu chithunzi, anayankha kuti, "Gonani alamu, limenelo sililowa mpaka Julaye."

Lolemba, Lund

Kuchoka ku Abisko kufika kuno ndi kudutsa dziko lonse, usiku wathunthu mpaka Stockholm, kenaka maola ena anayi ndi theka. Sitima yoyamba inachedwa, yachiwiri inandisiya, ndinadikira ina. Kuno n'kwina ndithu: minda ya tirigu, dothi lachonde, nyumba za njerwa, njinga paliponse.

Thore anabwera kuno mu 1927 kudzakhala pulofesa wa kasanjidwe ka zomera, ali ndi zaka 40 zakubadwa kapena kupitirira pang'ono. Mpando umene agogo ake ndi bambo ake anakhalapo ku Uppsala, iye anaupeza ku Lund, kumene agogo akewo anaphunzira ali mnyamata. Ndinayenda m'munda wa zomera, umene uli pamalo ano kuyambira m'ma 1860, n'kukhala pansi pa mtengo kudya buledi.

Sanakhalitsepo. Mu 1930 ananyamuka ndi ophunzira ake awiri, Tycho Norlindh ndi Henning Weimarck, kupita ku South Africa ndi ku Southern Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe. Funso linali lija la kumpoto kwa Sweden, litangosintha malo. Zomera za ku Cape, kum'mwera kwenikweni kwa South Africa, zimapezekanso pa mapiri otalikirana, ku Drakensberg, ku Nyanga, ku Mulanje, ku Nyika, mpaka ku Kenya, pamene pakati pake pali zigwa zotentha zimene zomerazo sizingamere. Anatola zomera zambiri ku Nyanga. Pa 31 Disembala 1930 Thore anamwalira ku Umtali, kumene lero ndi Mutare, ali ndi zaka 44.

Lachiwiri, Lund

Zomera zouma sizili m'munda muja, amazisunga m'nyumba ina kunja kwa tawuni, ndipo ndinachita kupempha pasadakhale. Mayi wina wachikulire ananditsegulira kabati n'kunditulutsira mafoda a kum'mwera kwa Africa. Pepala lililonse ndi lolimba, chomera chomatidwa ndi timizere ta pepala, masamba asanduka a khofi, ndipo m'munsi muli kachikalata kolemba malo, tsiku, nambala ndi mayina atatu: Fries, Norlindh ndi Weimarck. Mayiwo anandiuza kuti ndisatembenuze pepala ngati tsamba la buku, ndizilinyamula chogoneka ndi manja awiri. Zimenezo ndimazidziwa, nanenso ndimauza ana a sukulu zomwezo, koma ndinangoti zikomo mayi.

Anyamata awiri aja sanabwerere aphunzitsi awo atamwalira. Anapitiriza kutola mpaka mu 1931, n'kubweretsa zonse kuno. Norlindh anadzakhala pulofesa ku nyumba yosungiramo zachilengedwe ya ku Stockholm. Weimarck anatenga mtundu wa Cliffortia, womwe uja wa kachitsamba ka pa Mulanje, n'kuulembera buku lonse mu 1934, kenaka mu 1941 analemba za mmene zomera za ku Cape zagawikira m'malo ake ndi mipata imene ili pakati. Patapita zaka anakhala pa mpando wa Thore pano pa Lund. Mitundu yambiri ya Cliffortia ili ku Cape, yochepa chabe ndi imene inafika kumpoto, ndipo mapiri athu ali pa njira imeneyo.

Ndinajambula zikalata zingapo za ku Nyanga kuti ndikayerekeze ndi zathu. Mawa ndikwera sitima yowoloka mlatho kupita ku bwalo la ndege la Copenhagen. Kontena ya alamu ndidakali nayo m'chikwama, ndipo andilembera kale kuti ndiitumize pa positi chifukwa ndi ya akazi awo.